George Wilder—Mmishonale Amene Anauzidwa Kuti Wachedwa

MU 1888, azungu aŵiri anafika ku likulu la Ngungunhane, mfumu ya Agaza, m'mapiri a Mossurize, kufupi ndi kumene lerolino kuli malire a Mozambique ndi Zimbabwe. Iwo anali atayenda kwa milungu yambiri kuchokera kugombe la nyanja, akumadutsa m'zigwa zotentha zodzala ndi malungo. Sanadzere golidi kapena minyanga ya njovu. Pempho lawo linali limodzi lokha: chilolezo cha kukhala pakati pa anthu a mfumuyo ndi kuwaphunzitsa Baibulo.

Mmodzi wa alendowo sanafunikire womasulira. Iye analankhula Chizulu monga mwini wake, ndipo chinenero cha kubwalo la mfumu chinali chofanana kwambiri ndi chimenecho. Komabe, kulankhula kwake kosadodoma sikunasinthe yankho. Mfumu inawauza kuti miyendo yawo inachedwa. Apwitikizi anali atafika kale, ndipo panalibenso malo a aphunzitsi ena.

Mwamuna ameneyo anali George Albert Wilder. Zaka zisanu pambuyo pake iye anabwerera kumapiri amodzimodziwo, ndipo anatherako mbali yaikulu ya moyo wake wotsala. Kodi iye anali yani? Ndipo kodi moyo wake umasonyezanji ponena za thandizo limene limachokera kutali kudzachirikiza mipingo ya m'dziko losauka?

Mwana wa ku Natal

George Wilder anabadwa mu 1855 ku Amanzimtoti, ku Natal, m'dziko limene tsopano lili South Africa. Makolo ake, Hyman ndi Abby Wilder, anali amishonale a bungwe la American Board of Commissioners for Foreign Missions, limene linakhazikitsidwa mu 1810 ndi kutumiza antchito ake oyamba kwa Azulu mu 1835. Atate wake anatumikira pa mishoni ya Umtwalume, kummwera kwa Durban, ndipo kumeneko nkumene George anakulira.

Anzake oseŵera nawo anali ana achizulu. Chotero iye anaphunzira chinenerocho, osati m'mabuku a galamala monga momwe amishonale ochokera kutsidya la nyanja anachitira movutikira, koma pabwalo ndi kubusa. Anadziŵa miyambi yake, nthabwala zake, ndi njira yoyenera yolankhulira ndi akulu. Azulu anamtcha Mafavuke, dzina lotanthauza munthu amene amafa ndi kuukanso, ndipo iye analinyadira kufikira ukalamba wake.

Adakali mnyamata, anatumizidwa ku United States kukaphunzira. Anatsiriza maphunziro ake pa Williams College mu 1877, chaka chimene atate wake anamwalira, ndi pa Hartford Theological Seminary mu 1880. M'chaka chomwecho anakwatira Alice Scammon, ndipo aŵiriwo anapita ku Natal kukapitiriza ntchito pamalo amene atate wake anasiya.

Chonulirapo Chimene Anachilandira

Kuti timvetsetse zimene Wilder anayesa kuchita, tiyenera kudziŵa lamulo la kachitidwe ka zinthu limene bungwe lake linali kutsatira. Rufus Anderson, amene anali mlembi wa bungwelo kwa zaka zoposa 30 kufikira mu 1866, anagogomezera kuti mmishonale sali mbusa wachikhalire wa mpingo umene wayambitsa. Malinga ndi lingaliro lake, mpingo watsopano unayenera kufika pa kudzilipirira zofunika zake, kudzilamulira, ndi kudzilalikirira wokha. Zimenezo zitachitika, mlendoyo anayenera kusamukira kumalo ena.

Lingaliro limeneli silinali lachilendo kwa oŵerenga Baibulo. Paulo ndi Barnaba anaika akulu m'mipingo imene anakhazikitsa ndiyeno anapitirira ndi ulendo wawo. (Machitidwe 14:23) Pambuyo pake Paulo analangiza Timoteo kupereka zimene anaphunzira kwa amuna okhulupirika amene akakhoza kuphunzitsanso ena. (2 Timoteo 2:2) Komabe, kuvomereza lamulo ndi kulitsatira nzinthu ziŵiri zosiyana. Ku Natal kunapita zaka 35 amishonale asanadzoze abusa oyamba achizulu mu 1870. Mmodzi wa iwo anali James Dube wa ku Inanda, atate wake wa John Dube amene anadzakhala wotchuka.

Ngakhale kuti zinthu zinayenda pang'onopang'ono motero, Akristu achizulu sanangokhala ndi kudikira. Pofika m'ma 1860 anali ndi bungwe lawolawo losonkhetsa ndalama zotumizira alaliki kumidzi ina. Mu 1883 Baibulo lathunthu linatuluka m'Chizulu. Motero pamene amishonale anayamba kulingalira za gawo latsopano kumpoto, anali ndi chinthu chimene atate wake wa Wilder analibe poyamba: amuna achiafirika odziŵa kuŵerenga Malemba, ozoloŵera kulalikira, ndi ofunitsitsa kupita.

Chifukwa Chake Anachedwa

Nchifukwa ninji maso awo anali pa dziko la Agaza? Chifukwa chachikulu chinali chinenero. M'nthaŵi ya nkhondo za m'masiku a Shaka, magulu angapo anachoka kudziko la Azulu kumka kumpoto. Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835, ndipo mbadwa zake ndizo Angoni ambiri a m'Malaŵi, Zambia, ndi Tanzania. Gulu lina, lotsogozedwa ndi Soshangane, linatsala kummwera kwa mtsinjewo ndi kukhazikitsa ufumu wa Agaza, umene unagonjetsa mitundu yambiri, kuphatikizapo Andau a kumapiri. Amishonale analingalira kuti popeza olamulira a dzikolo analankhula chinenero chonga Chizulu, Baibulo ndi mabuku a nyimbo a ku Natal akagwira ntchito kumeneko popanda kusintha kalikonse.

Zoyesayesa zoyamba zinali zomvetsa chisoni. Mu 1880, Myron Pinkerton ananyamuka kumka kwa Mzila, mwana wa Soshangane, koma anafa ndi malungo panjira. Chaka chotsatira Erwin Richards anafika kwa mfumuyo ndipo anapatsidwa chilolezo. Komabe, bungwelo linalibe antchito okwanira, ndipo amene analipo anayamba ntchito kugombe, kufupi ndi Inhambane. Mzila anamwalira mu 1884. Pamene Wilder ndi mnzake Francis Bates anafika mu 1888, zaka zisanu ndi ziŵiri zinali zitapita chiperekedwere chilolezocho, ndipo mwana wa Mzila sanadzione kukhala womangidwa ndi lonjezo la atate wake. Kunena zoona, dandaulo lake linali lomveka.

Ndiyeno zinthu zinasintha mofulumira. Mu 1889, Ngungunhane anasamutsira likulu lake kummwera, kufupi ndi chigwa cha Limpopo, akumakakamiza Andau zikwi makumi ambiri kupita naye. Ambiri anafera panjira. Mapiri anatsala ndi anthu ochepa, otopa ndi nkhondo, ndipo olamulira atsopano anali kale panjira.

Mphatso Imene Inali ndi Mtengo Wake

Mu 1891, Wilder anapitanso kumpoto kukafunafuna malo, limodzi ndi dokotala William Thompson. Paulendowo anakumana m'sitima ya pamadzi ndi Cecil Rhodes, amene kampani yake, British South Africa Company, inali itangoloŵa kumene m'dziko la Mashona. Atamva cholinga chawo, Rhodes anawasonyeza pamapu malo okwera a kumalire ndi kuwalonjeza maekala zikwi zambiri.

Kodi nchifukwa ninji iye anali wooloŵa manja motero? M'chaka chimenecho Britain ndi Portugal anali kukanganirana malire a dera limenelo, ndipo mzungu aliyense wokhala kumeneko ndi chilolezo cha kampaniyo analimbitsa kunena kwake kwakuti dzikolo linali lake. Ndiponso, malowo sanali a Rhodes kuti awapereke. Anali a mafumu achindau ndi anthu awo. Mfumu yachiafirika inali itakana amishonalewo, ndipo tsopano iwo analoŵa ndi chilolezo cha mtsamunda. Mosakayikira anaona zimenezi kukhala khomo lotseguka. Koma, monga momwe tidzaonera, mphatsoyo inadzawaika pamalo amene mlaliki wa uthenga wabwino sayenera kukhalapo.

Amene Anasenza Ntchitoyo

Mu 1893 gululo linanyamuka ku Natal pa sitima kumka ku Beira. Kuchokera kumeneko linakwera mtsinje wa Buzi m'mabwato, ndiyeno linayenda pansi, amtengatenga atasenza katundu. Ulendowo unatenga miyezi ingapo, ndipo malungo sanawaleke. M'October anakhazikika m'mphepete mwa nkhalango ya Chirinda, m'dera limene tsopano lili boma la Chipinge, pamalo okwera mamita oposa 1,000, ozizira ndi a mvula yambiri. Nkhalangoyo ili ndi mitengo ya mbaŵa yaitali kwambiri, ina yoposa mamita 50. Mishoniyo inatchedwa Mount Selinda, katchulidwe kachizungu ka dzina lakuti Chirinda.

Nkhani zambiri za ulendowo zimatchula maina a Wilder, Bates, Thompson, ndi Bunker. Koma m'gululo munalinso Nancy Jones, mphunzitsi wakuda wa ku America amene anaphunzira pa Fisk University ndi amene anali atatumikira kale ku Inhambane. Munalinso alaliki achizulu ndi mabanja awo. Pakati pa amuna a ku Natal amene anatumikira m'gawolo m'zaka zoyambirirazo panali Tom Zonzo, Elijah Hlanti, ndi Laduma Njapa.

Amuna ameneŵa analinso amishonale m'lingaliro lenileni la liwulo. Iwo anasiya abale awo ndi minda yawo kumtunda wa makilomita oposa 1,000, ndipo anadwala malungo amodzimodziwo amene azunguwo anadwala, koma malipiro awo anali ochepa kwambiri. Ndiwo amene anayenda m'midzi, kugona m'nyumba za eni dziko, kudya chakudya chawo, ndi kuyankha mafunso amene munthu sakanayesa kufunsa mzungu. Ndiwo amene anaphunzitsa ana oyamba kuŵerenga. Pamene mpingo woyamba unakhazikitsidwa pa Mount Selinda mu 1897, unali chipatso cha ntchito yawo mofanana ndi ya wina aliyense.

Pamfundo imeneyi ubwana wa Wilder unakhala wothandiza. Iye anakhoza kukambitsirana ndi alalikiwo m'chinenero chawo, kumva madandaulo awo popanda womasulira, ndi kulinganiza nawo maulendo a ulaliki. Kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo, kukhala ndi woyang'anira amene amamva zimene akunena, ndi zimene sakunena, si chinthu chaching'ono.

Kudziko la Mfumu ya Mvula

Mu 1895 mishoni yachiŵiri inatsegulidwa ku Chikore, makilomita pafupifupi 30 kumadzulo kwa Mount Selinda, ndipo kumeneko nkumene Wilder anagwira ntchito kwa zaka zambiri. Limeneli linali dziko la Musikavanhu, mfumu imene Andau anakhulupirira kuti inali ndi mphamvu ya kugwetsa mvula. Anthu ankachokera kutali ndi mphatso kudzapempha mvula, monga momwe kale anthu a m'Malaŵi ankapitira ku Msinja kapena ku Khulubvi.

Chotero uthenga wa alalikiwo unakhudza chinthu chimene moyo wa munthu aliyense unadalirapo. Ngati banja lileka kupereka nsembe ndiyeno mvula nkusagwa, kodi mudzi ukaimba mlandu yani? Zaka zoyambirirazo zinali zovuta. Dzombe linawononga minda, ndipo mu 1896 mliri wa ng'ombe unasesa dziko lonselo. Mposadabwitsa kuti achikulire ambiri anamvetsera mwaulemu koma sanasinthe. Awo amene analabadira poyamba anali makamaka achichepere: anyamata ofuna kudziŵa kuŵerenga, ndi atsikana othaŵa maukwati amene anawakonzera popanda kufuna kwawo. Kulandira atsikana otero kunadzetsa mikangano yaikulu ndi makolo awo, ndipo nkhani zotero zinafuna munthu woleza mtima ndi wodziŵa mwambo wa pabwalo la milandu.

Panthaŵi imodzimodziyo Thompson anali kuchiritsa odwala pa Mount Selinda, ndipo sukulu inayamba kuphunzitsa ukalipentala, kuumba njerwa, ndi kumanga. Ntchito zamanja zimenezi zinali ndi chifuno chogwirizana ndi chonulirapo cha Anderson. Mpingo wa anthu opanda njira yopezera ndalama sungachirikize mbusa wake.

Chinenero cha Mtima

Komabe, posapita nthaŵi kunaoneka kuti lingaliro limene linabweretsa amishonalewo kumapiriko linali lolakwa. Nzoona kuti amuna ambiri achindau anamva Chizulu. Iwo anali atatumikira m'magulu ankhondo a Agaza, ndipo ena anatenga ngakhale mafuko a olamulira awo. Koma akazi, ana, ndi okalamba analankhula Chindau, chinenero chapachibale ndi Chishona. Ndiponso, kwa Andau, Chizulu chinali chinenero cha awo amene anawalanda ng'ombe ndi kuwatengera ana awo kummwera. Mu December 1895, Apwitikizi anagwira Ngungunhane, amene pambuyo pake anafera muukapolo kuzisumbu za Azores mu 1906. Ufumu wa Agaza unatha, koma m'tchalitchi ndi m'sukulu za mishoni chinenero chake chinapitirizabe kwa zaka zambiri.

Kwa Wilder, imeneyi siinali nkhani yaing'ono. Chizulu ndicho chinali mphatso yake yaikulu, chinthu chimene chinampangitsa kukhala wosiyana ndi anzake onse. Tsopano, ali ndi zaka zoposa 40, anafunikira kukhalanso wophunzira. Iye ndi antchito anzake, mothandizidwa ndi Andau amene anaphunzira pasukulupo, anayamba kulemba mawu a Chindau, kulinganiza kalembedwe kake, ndi kutembenuza nyimbo ndi mbali za Malemba. Amishonale a South Africa General Mission, amene anali ku Rusitu chakumpoto, anagwirizana nawo pantchitoyo. Chipangano Chatsopano m'Chindau chinatuluka mu 1919, ndipo Baibulo lathunthu mu 1957, Wilder atamwalira kale.

Kodi kusinthako kunali kofunika motani? Pa Pentekoste, khamu la anthu linazizwa chifukwa chakuti aliyense anamva uthengawo m'chinenero chimene anabadwa nacho. (Machitidwe 2:5-11) Malinga ngati Malemba anali m'Chizulu chokha, mpingo unadalira mlendo kuti aufotokozere zimene amanena. Pamene anakhala m'Chindau, mayi wa pamudzi anakhoza kumva yekha pamene mwana wake anali kumŵerengera, ndipo mwanayo anakhoza kudzakhala mlaliki.

Zophophonya Zosabisika

Cholembedwa choona mtima sichingabise kuti mishoni imene Wilder anali mmodzi wa atsogoleri ake inalephera m'njira zina zazikulu. Yoyamba inakhudza Nancy Jones. M'chaka chomwecho chimene amishonale anafika, alimi achizungu otsogozedwa ndi banja la Moodie analoŵanso m'deralo kuchokera ku South Africa, ndipo malingaliro awo onena za khungu anayambukira moyo wa pamishoni. Mu 1897 Jones anatula pansi ntchito, akumafotokoza kuti antchito anzake ena anamsala chifukwa chakuti anali wakuda. Mkazi amene anapirira nawo malungo ndi ulendo wa pa Buzi anachoka, osati chifukwa cha chitsutso cha osakhulupirira, koma chifukwa cha tsankhu la okhulupirira anzake. Zimenezo zinali zosemphana kotheratu ndi zimene Petro anaphunzira m'nyumba ya Korneliyo, kuti Mulungu alibe tsankhu.—Machitidwe 10:34, 35.

Yachiŵiri inachokera ku mphatso ya Rhodes. Anthu amene makolo awo analima malo a Chikore ndi Mount Selinda kwa mibadwo yambiri anapezeka kuti tsopano ali alendo pamunda wa mishoni. Kuti akhalebe pamenepo anafunikira kutsatira malamulo ake onena za kutumiza ana kusukulu, moŵa, ndi mitala. Kunena zoona, ambiri anaona kuti kukhala pansi pa mishoni kunali kopepukirapo kuposa kukhala pamafamu oyandikana nawo, kumene kugwira ntchito yokakamiza, yonga thangata, kunali kofala. Amishonale ena anatsutsa nkhanza zimenezo. Chikhalirechobe, pamene munthu mmodzimodziyo ali mlaliki pa Sande ndi mwini malo pa Lolemba, kodi iye angadziŵe motani ngati womvetsera wake wakhutira ndi uthengawo kapena akungoopa kusamutsidwa?

Yachitatu inali kuchedwa kupereka udindo. Mofanana ndi ku Natal, panapita zaka zambiri Andau asanayambe kudzozedwa monga abusa, ndipo ndalama ndi zosankha zazikulu zinakhalabe m'manja mwa amishonale kwa nthaŵi yaitali kuposa pamenepo. Mwamuna amene anauzidwa ndi mfumu kuti wachedwa kufika anali wa mbadwo wa amishonale umene unachedwanso kutula katundu.

Mbewu Zifalikira

Mosasamala kanthu za zophophonya zimenezo, ntchito ya kuphunzitsa ena inabala zipatso. Anyamata amene anaphunzira pa Chikore ndi Mount Selinda anatumizidwa kumidzi monga aphunzitsi ndi alaliki panthaŵi imodzi. Mkati mwa mlungu anaphunzitsa ana kuŵerenga m'kanyumba ka udzu, ndipo pa Sande anachititsa mapemphero m'kanyumba komweko. M'kupita kwa nthaŵi iwo analoŵa m'malo mwa alaliki achizulu, ndipo ena anawoloka malire kukalalikira kwa Andau anzawo a ku Mozambique, kumene mishoni ina inatsegulidwa ku Gogoi. Mmodzi wa ophunzira a pa Mount Selinda, Kamba Simango, anakaphunzira ku Hampton Institute ndi ku Columbia University ku United States, ndiyeno anabwerera kudzatumikira anthu a kwawo. Mu 1919 kunafika Emory Alvord, mmishonale wa zaulimi, amene njira zake za kusinthanitsa mbewu ndi kuthira manyowa zinadzaphunzitsidwa m'dziko lonselo.

Chakumapeto kwa utumiki wa Wilder, dera la Chipinge linayamba kusintha m'njira imene palibe aliyense wa gulu la 1893 akanaiyembekezera. Mu 1924 mbewu za tiyi zochokera ku Assam, ku India, zinabzalidwa pa famu ya New Year's Gift, m'chigwa cha mtsinje wa Tanganda. Mvula ndi nkhungu zimene zinakulitsa mbaŵa za m'Chirinda zinali zabwinonso kwa tiyi, monga momwe zilili ku Mulanje ndi ku Thyolo. M'kupita kwa zaka minda ya tiyi yonga Ratelshoek, Jersey, ndi Zona inatambalala kufupi ndi Mount Selinda. M'ma 1950 minda ina inatsegulidwa kumpoto kwa Mutare, m'chigwa cha Honde, m'mphepete mwa malire amodzimodziwo.

Kuthyola tiyi kumafuna manja ambiri, ndipo mofanana ndi mafamu ndi migodi ya Southern Rhodesia yense, minda imeneyi inakoka antchito ochokera ku Mozambique ndi ku Nyasaland. Ambiri a iwo sanabwererenso kwawo, nakhala matchona. Chochititsa chidwi nchakuti anthu ameneŵa sanadikire mmishonale kuti awayambitsire mapemphero. M'makomboni a dzikolo, amuna amene anaphunzira kuŵerenga kwawo ankasonkhanitsa anzawo madzulo, Baibulo la Chinyanja lili m'manja. Pamene T. C. B. Vlok, amene anali atatumikira ku Mvera ndi ku Nkhoma, anatumizidwa ku Salisbury mu 1912, anapita kukachirikiza Akristu a ku Nyasaland amene anali atapempha okha kuti awatumizire mbusa. M'zochitika zotero, dongosolo linali litatembenuka. Mpingo unayamba kukhalapo, ndipo thandizo linadza pambuyo.

Choloŵa Chake

Atatumikira mu Afirika kwa zaka zoposa 40, Wilder anapuma pantchito ndi kukakhala ku United States, dziko la makolo ake koma osati la kubadwa kwake. Mu 1933 anafalitsa mbiri ya moyo wake m'buku lotchedwa The White African, ndipo pamutu wake anaikapo dzina lake lachizulu lija. Anamwalira mu 1935 ku New Jersey, ali ndi zaka 80.

Mipingo imene inayambira pa Mount Selinda ndi Chikore tsopano imadziŵika monga United Church of Christ in Zimbabwe, ndipo imatsogozedwa ndi abusa a m'dzikolo. Sukulu ndi zipatala za pamalo aŵiriwo zakhala zikutumikira anthu a m'boma la Chipinge kwa mibadwo ingapo. Chindau, chimene lipoti la Clement Doke la 1931 linachiphatikiza m'Chishona cholembedwa, chinazindikiridwa pachokha m'malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 monga chimodzi cha zinenero 16 za boma. Pampambo umodzimodziwo palinso Chicheŵa, chinenero cha ana ndi adzukulu a matchona aja.

Kodi moyo wa George Wilder tingauone motani? Iye anali wolimba mtima ndi wakhama, ndipo sanabwerere m'mbuyo atakanidwa. Anali wofunitsitsa kuika pambali chinenero chimene anachikonda kuti anthu amve Malemba m'chinenero chawo. Komanso iye analandira malo kwa munthu amene sanali mwini wake, ndipo anagwira ntchito m'kakonzedwe kamene kanalola tsankhu ndi kamene kanazengereza kukhulupirira awo amene kanawaphunzitsa. Zimene zinakhalitsa pantchito yake ndizo zimene anazipereka m'manja mwa ena: luso la kuŵerenga, Malemba m'Chindau, ndi amuna okhoza kuphunzitsa. Zimene zinadzetsa mavuto ndizo zimene mishoni inazigwiritsa zolimba: malo, ndalama, ndi ulamuliro.

Lerolino mipingo yambiri m'maiko osauka imalandirabe thandizo lochokera kutali, ndipo mipingo ina ya m'matauni imachirikiza ya kumidzi. Opereka ndi olandira omwe angachite bwino kudzifunsa kuti: Kodi thandizo limeneli likukonzekeretsa anthu a pamalopo kusenza okha katundu wawo, kapena likuwazoloŵeza kudikira? Kodi amene akugwira ntchito yaikulu akupatsidwa ulemu ndi udindo wowayenera? Paulo anakumbutsa Akorinto kuti wobzala ndi wothirira ali antchito chabe, ndi kuti amene amakulitsa ndi Mulungu. (1 Akorinto 3:5-9) Wantchito amene amakumbukira zimenezo sadzachedwa kupereka khasu kwa mnzake.